Kupentanso khoma lomwe linapentedwa kale: zomwe ndimauza anthu kuno ku Mangochi

Sabata siitha ndisanamve funso ili: "Amisiri, ndinapenta chaka chathachi, nanga bwanji penti wayamba kale kusupuka?" Ena amandipeza pa ntchito, ena amandiimitsa mumsika pa boma, ena amaimba ali ku Joni ataona pa WhatsApp chithunzi cha nyumba imene anatumizira ndalama kuti ipentedwe. Pafupifupi onse amakhulupirira kuti anawagulitsa penti wachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma m'nyumba zambiri zimene ndalowamo, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Monkey Bay, penti analibe mlandu. Chimene chinalakwika ndi pamene anamupakapo.

Mukamapentanso, penti wanu watsopano sakhudza njerwa kapena pulasitala. Amagwira penti wakale uja, fumbi limene lili pamwamba pake, mwaye, mafuta a m'manja, ndi mchere umene ukutuluka m'khoma. Wakaleyo akamatuka, amamatukira limodzi ndi wanu, ngakhale mutagula wodula chotani. Pachifukwa ichi, zambiri zimene ndalemba pano ndi za masiku amene simunatsegule n'komwe chigoba cha penti. Kupaka kwenikweniko aliyense angathe.

1. Sankhani nyengo

Musapente mvula ili mkati, ndipo musathamangire kupenta itangosiya mu April. Khoma la njerwa zootcha limamwa madzi dzinja lonse ndipo limawatulutsa pang'onopang'ono. Kuno miyezi yabwino ndi kuyambira June mpaka September. Mu June ndi July mwera umaomba ndi fumbi, choncho mawindo a mbali imene mphepo ikulowera muziwatseka pamene penti ali wamuwisi, n'kutsegula a mbali inayo. Mu October ndi November kutentha kwa kuno mukukudziwa: penti wa madzi amauma ali pa rola, ndipo khoma limatuluka mizeremizere. Ngati palibe kuchitira mwina, yambani kukangocha, mupume dzuwa likafika pamutu, mudzapitirize chakumadzulo.

Ndikudziwa kuti ambiri timakumbuka zopenta Eid ikayandikira, Khirisimasi ili pakhomo, kapena ukwati wa mwana utatsala sabata imodzi. Ntchito yothamangira tsiku ndiyo imabweretsa mafunso ndatchula aja. Werengani masiku chobwerera m'mbuyo, mudzipatse mwezi wathunthu ngati khoma likufunika kukonza.

Palinso nkhani ya mankhwala a udzudzu. M'boma lathu lino azaumoyo anapoperapo mankhwala m'makoma a nyumba pofuna kuchepetsa malungo. Mankhwalawo amagwira ntchito atakhala pamwamba pa khoma, pamene udzudzu umatera. Mukapenta atangopopera, mwawakwirira. Ngati mwamva kuti opopera akubwera m'dera lanu, pentani iwo asanafike, apo ayi funsani alangizi a zaumoyo kuti mudikire nthawi yaitali bwanji.

2. Dziwani chimene chili pakhoma panu

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. M'nyumba za kuno mupeza chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo kawirikawiri zonse zitatu zosanjikizana chifukwa nyumba yadutsa m'manja mwa alendi ambiri. Pali laimu, amene akuluakulu amati njereza. Pali penti wa madzi, amene pachigoba amalemba PVA. Pali penti wa mafuta wonyezimira uja, amene timati gulosi, amene nthawi zambiri amapakidwa theka la m'munsi la khoma, kukhitchini, kubafa, pazitseko ndi m'mafelemu. Chilichonse mwa izi chimafuna kukonzekera kwakekwake, ndiye musangoyang'ana ndi maso n'kuganizira. Yesani.

Yambani ndi dzanja. Sisitani chikhatho chouma pakhoma. Chikatuluka choyera ngati mwagwira ufa, ndiye kuti pali laimu kapena PVA wotchipa amene watha mphamvu. Kuti musiyanitse, palani pang'ono, ufawo muuike pa mbale, mudonthezepo viniga kapena madzi a mandimu. Laimu amachita thovu msanga. PVA wotchipa nayenso angachite thovu pang'ono chifukwa amakhala ndi choko, koma zisakuvuteni: khoma lililonse lotuluka ufa timalisamalira mofanana.

Kenako tengani thonje kapena kansalu koyera, munyowetse ndi sipiriti wofiirira uja wa ku famase kapena ku hadiweya, mupukute malo amodzi mwamphamvu kwa kanthawi. Mtundu wa penti ukatsalira pathonje, ameneyo ndi wa madzi. Thonje likangochotsa litsiro penti osasuntha, ndi wa mafuta. Musanamizidwe ndi kusanyezimira. Gulosi wakale amazirala, amaoneka ngati PVA, koma khalidwe lake limakhala lomwe lija la kukana penti wa madzi.

Chomaliza, yesani ngati penti wakaleyo akadali wogwira. Ndi lezala, lembani X pakhoma, mumate selotepi pamwamba pake, muitsindire bwino ndi chala, kenako muisolole mwamsanga. Ikatuluka ndi zibenthu za penti, malo amenewo ngofunika kupala. Chitani zimenezi m'malo angapo m'chipinda chilichonse, makamaka m'munsi pafupi ndi simenti, pansi pa mawindo, ndi kumbuyo kumene kunali wadiropu. Gogodaninso khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pamene pakumveka ngati ng'oma, pulasitala walekana ndi njerwa, ndipo penti sangathandize kanthu pamenepo.

3. Pezani kumene chinyezi chikuchokera

Ndikhalitsapo pano chifukwa ndi pamene ndalama zambiri za anthu a ku Mangochi zimatayikira. Malo athu ambiri ndi a chigwa, pakati pa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, ndipo m'madera otere madzi apansi sakhala kutali. Amene ali m'mphepete mwa nyanja akukumbuka m'mene madzi anakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'mipanda ndi m'nyumba za anthu. Khoma limene linaima m'madzi, kapena limene maziko ake amakhala m'dothi lonyowa, limakoka madzi ngati chingwe cha nyali chikoka palafini.

Zizindikiro zake n'zosasowa. Penti amatupa matuza m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapitirira mita imodzi kuchokera pansi. Pamakhala mzere wokhotakhota wosonyeza pamene madzi analekezera. Pamatuluka ufa woyera wonga mchere, ndipo ndi mcheredi, umene madzi amausungunula m'dothi, m'njerwa ndi mu simenti n'kuusiya pamwamba akamauma. Mchere umenewu ukamaundana kuseri kwa penti umamukankha mpaka kumusupula. Pulasitala amafewa, mukakanda ndi chikhadabo mchenga umayoyoka.

Ngati mukukayika, dulani pepala la pulasitiki lalikulu ngati mpango wa m'manja, mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, mulisiye masiku awiri. Mukapeza madontho kuseri kwake, kumbali ya khoma, madzi akuchokera m'khomamo. Mukawapeza pamwamba pa pulasitiki, vuto ndi nthunzi ya m'chipinda, monga ya kubafa kapena yophikira m'nyumba mawindo ali otseka, ndipo mankhwala ake ndi kulowetsa mpweya.

Mukatsimikiza kuti ndi m'khoma, tulukani panja muzungulire nyumba. Nthawi zambiri gwero limaoneka ndi maso. Dothi launjikana mpaka kukwirira maziko. Pali bedi la maluwa lotsamira khoma limene limathiriridwa tsiku lililonse. Madzi a padenga amagwera pafupi n'kumathovukira kukhoma chifukwa malata anatulukira pang'ono. Khonde la simenti lozungulira nyumba linang'ambika, kapena linapendekera kunyumba m'malo mopendekera kunja. Pali mpopi wodontha, kapena malo otsukira mbale ndi kuchapira ali pakhoma penipeni. Ngati banga lili m'mwamba, kwerani muone misomali ya malata ndi pamene malata akumana. Konzani zimenezi poyamba. Chotsani dothilo, sunthani maluwa, konzani khonde kuti madzi azithawa nyumba.

Chovuta kwambiri ndi nyumba imene pomanga sanaike pulasitiki wakuda uja pamwamba pa maziko, amene amisiri amati DPC. Ntchito yake ndi kudula njira ya madzi okwera kuchokera pansi. Ngati palibe, ndikuuzani zoona: palibe penti amene angathetse vutolo. Chimene mungachite ndi kulichepetsa. Gumulani pulasitala yense wovunda mpaka njerwa zioneke, mupitirire pang'ono pamwamba pa mzere wa chinyezi. Siyani njerwazo zipume masabata angapo m'nyengo youma. Mchere ukamatuluka, muziuchotsa ndi burashi youma. Musautsuke ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kubwerera m'khoma momwemo, kenako n'kudzatulukanso. Mukatero pulasitani ndi mchenga woyera bwino wopanda dothi, mutasakaniza mankhwala oletsa madzi amene amagulitsa ku hadiweya, motsatira muyeso wolembedwa pa chigubu chake.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kubisa chinyezi ndi gulosi. Munthu amati, "Tingopaka wa mafuta m'munsimu, madzi sadutsa." Inde sadutsa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Madzi akasowa potulukira amakwera pamwamba pa gulosiyo n'kukaononga pamene panali bwino, kapena amamutupitsa matuza akuluakulu odzaza mchere. Khoma lachinyezi limafuna chopaka chimene chimalola kuti lipume. Ndiye ngati nyumba yanu ndi ya zidina, kapena ndi yomangira dothi ndipo imanyowa chaka ndi chaka, musachite manyazi kupitiriza ndi laimu. Ndi wotchipa, amapuma, nkhungu siimukonda, ndipo mukhoza kubwereza chaka chilichonse osamva kuwawa m'thumba. Kuli bwino laimu woyera bwino kusiyana ndi penti wodula wolendewera ngati makungwa a bulugamu.

4. Palani, kwechani, tsukani

Tulutsani katundu, wotsala mumuunjike pakati n'kufunditsa. Pansi yalani makatoni kapena matumba a simenti otha ntchito. Zulani misomali yonse. Sesani ukonde wa akangaude, gumulani zisa za mavu ndi tinjira ta chiswe. Mukapeza chiswe, tsatirani kumene chikuchokera muthire mankhwala, chifukwa chimabwerera kudutsa pa penti watsopano.

Ngati pali laimu ndipo mukufuna kusinthira ku PVA, laimuyo achoke. Palibe chidule. Nyowetsani kachigawo ka khoma, mudikire pang'ono kuti afewe, mupale ndi sikirepa, mukweche ndi burashi ya waya, mupukute ndi nsanza yonyowa. Ndi ntchito yotopetsa, ya masiku, ndipo aganyu ambiri amafuna kuidumpha. Muziima pomwepo. Mukapaka PVA pa laimu, poyamba zimaoneka bwino, koma penti akamauma amakoka, ndipo laimu alibe mphamvu yomugwira. Nthawi zina mumaona zibenthu zikumatirira pa rola muli mkati mopenta.

Ngati pali PVA wogwira bwino, mwapepukidwa. Palani pamene pasupuka pokha, m'mphepete mwa popalapo musalaze ndi sandipepa kuti pasaoneke malire, kenako tsukani khoma lonse.

Ngati pali gulosi, kumbukirani kuti ndi woterera ndipo penti wa madzi sagwirapo. Mutsukeni, kenako mumukweche yense ndi sandipepa wa nambala 100 kapena 120 mpaka kunyezimira kuthe. Simukufuna kumuchotsa, mukungofuna kuti akhale wokhakhala. Koma apa samalani kwambiri. Penti wa mafuta wakale, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana aang'ono ndi mwana amene ali m'mimba. Mtovu suoneka, sununkha. Kwechani ndi sandipepa wa m'madzi, khoma lili lonyowa, kuti fumbi lisauluke. Musamuwotche ndi moto. Valani chotseka pakamwa ndi pamphuno. Ana ndi amayi oyembekezera asalowe m'chipindamo mpaka mutakolopa, zibenthu muzimange m'jumbo osazitaya pamene ana amasewera kapena nkhuku zimapalasa, ndipo musambe m'manja musanagwire nsima.

Potsuka, gwiritsani ntchito sugar soap wa ku hadiweya. Akasowa, sopo waufa pang'ono m'madzi ofunda amathandiza, bola mutsukuluze ndi madzi oyera, pakuti sopo wotsalira amalepheretsa penti kugwira. Limbikirani kukhitchini, mozungulira maswitchi, pamene anthu amatsamira mitu pabalaza, ndi pamene ana amagwiragwira. Pamene pali madontho akuda a nkhungu, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu atatu kapena anayi a madzi, mupake, mudikire mphindi ngati 20, mukweche, mutsukuluze. Mawindo akhale otsegula, valani magolovesi, ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena alionse otsukira. Nkhungu yongopakidwa penti pamwamba siifa, imabooleza.

Mukatha, lisiyeni khoma liume tsiku lathunthu kapena awiri.

5. Tsekani ming'alu ndi mabowo

Mng'alu waung'ono ngati tsitsi muukuze kaye ndi nsonga ya sikirepa kuti chotsekera chipeze polowa, muchotse fumbi, munyowetse pang'ono, kenako mutsindiremo chotsekera ming'alu chotchedwa Polyfilla. Mabowo a misomali chimodzimodzi. Akauma, salazani ndi sandipepa. Bowo lakuya mulitseke kawiri, chifukwa chotsekera chimalowa m'kati chikamauma. Pamene pagumuka kwambiri pamafuna simenti ndi mchenga.

Chigamba cha simenti si chopenta mawa lake. Pulasitala watsopano amafuna masabata atatu kapena anayi kuti akhwime n'kuuma, ndipo simenti yaiwisi imadya penti, n'kusiya mabanga otuwa. N'chifukwa chake ndinati mudzipatse mwezi.

Mng'alu wolowa chala, wodutsa mokhota kuchokera pangodya ya windo kapena ya chitseko, kapena umene umatseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja, si nkhani ya openta. Dothi la makande limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo limasuntha maziko. Itanani mmisiri womanga aone musanatayepo penti.

6. Pakani choyambira choyenera

Anthu ambiri amaona ngati choyambira, chimene timapaka pakhoma tisanapake penti weniweni, ndi njira ya amisiri yodyera ndalama. Chigoba chimodzi cha choyambira chimapulumutsa zigoba zingapo za penti, ndipo sikuti mupaka nyumba yonse. Pa zigamba za simenti ndi pamene mwapala mpaka pulasitala kuonekera, pakani plaster primer, amene amapirira ukali wa simenti. Pa khoma lotuluka ufa ndi pamene munachotsa laimu, pakani bonding liquid, yemwe amalowa m'kati n'kumanga ufa wotsalawo. Mupake mopyapyala kuti alowe, asachite kunyezimira pamwamba. Pa gulosi wokwecha uja pakani andakoti, amene pachigoba amalemba universal undercoat, kenako PVA adzagwira. Andakoti yemweyo mupakenso pa mabanga a mwaye wa mbaula ndi a madzi odontha kudenga. Mabanga amenewa amabooleza penti wa madzi ngakhale mutapaka makoti anayi, chifukwa madzi a mu pentiyo amawasungunula n'kuwakokera pamwamba. Andakoti mumupatse usiku wonse kuti aume.

Pa PVA wakale wogwira bwino, wotsukidwa, simufunika choyambira.

7. Werengerani musanapite kukagula

Yezani chipinda. Tinene kuti ndi cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, kutalika kwa khoma mamita 2.7. Kuzungulira kwake ndi mamita 14. Kuchulukitsa ndi 2.7 kukupatsani masikweya mita pafupifupi 38. Chotsani chitseko ndi windo, mutsala ndi 34 kapena 35. Makoti awiri ndiye kuti pafupifupi 70. Pachigoba amalemba malo amene lita imodzi imakwanira. Ngati alemba 8, chipinda chimenechi chikufuna malita 9, ndiye mugule 10. Pulasitala wokhakhala amamwa kwambiri kuposa zolembedwazo, ndipo kuchoka ku mtundu wakuda kupita ku wowala kumafuna koti yachitatu.

Ku hadiweya, onani kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo ndipo chigoba chili ndi dzina la kampani yopanga. Pabalaza, m'khonde la m'kati ndi m'chipinda cha ana, gulani PVA wotheka kupukuta ndi nsanza yonyowa, ngakhale ali wokwererapo mtengo. Wotchipa uja musungire siling'i ndi sitolo. Penti wa m'kati musamupake kunja, dzuwa la kuno limamuzilalitsa msanga. Gulani wokwanira nthawi imodzi, ndipo ngati zigoba za mtundu umodzi zili zingapo, zisakanizeni m'ndowa imodzi, chifukwa zimasiyana pang'ono ndipo kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma. Musanagule malita 20 a mtundu umene mwangouona pa kapepala, tengani kachitini kakang'ono mupake pakhoma, muone m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka. Penti akauma amasintha maonekedwe. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, mitundu yowala imathandiza kuti chipinda chisaoneke chothina ndi chamdima.

Kwa inu amene mukutumiza ndalama muli kutali, musamangofunsa chithunzi cha khoma litatha. Pemphani chithunzi cha khoma litapalidwa, china zigamba zitatsekedwa, china choyambira chitapakidwa, ndi cha zigoba zisanatsegulidwe. Malipiro a mmisiri muwagawe motsatira magawo amenewa. Mukapangana mtengo umodzi wa "kupenta nyumba", mwamuuza kuti chimene mukulipira ndi mtundu, ndipo adzathamangira mtunduwo.

8. Pakani

Takasani penti ndi thabwa loyera mpaka pansi pa chigoba, kwa mphindi zingapo, chifukwa zolemera zonse zimakhala zitadikha pansi. Pa nkhani yothira madzi ndimakangana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Chigoba cha malita 20 ena amachisandutsa 40 kuti chikwane nyumba yonse. Chimene chimagwiritsa penti pakhoma ndi ulimbo umene uli m'kati mwake, ndipo mukachulukitsa madzi mwausukulutsa. Zotsatira zake ndi khoma lotuluka ufa lija, limene limadetsa malaya a alendo. Tsatirani zolembedwa pachigoba. Kwa PVA wambiri, koti yoyamba imalola madzi pang'ono, ngati lita imodzi pa malita 10, ndipo yachiwiri imafuna ochepa kuposa apo kapena osathira n'komwe. Madziwo akhale oyera. Ngati mjigo wanu umatulutsa madzi a mchere, katungeni kwina. Wa mafuta amasungunulidwa ndi tapentaini, osati palafini kapena petulo.

Yambani ndi siling'i, kenako makoma, mumalize ndi zitseko, mafelemu ndi sikating'i, kamzere ka m'munsi mwa khoma kaja. Pa khoma lililonse, yambani ndi burashi kupaka m'mphepete, kumene timati kudula: m'ngodya, pansi pa siling'i, mozungulira maswitchi ndi mawindo. Musadule nyumba yonse kenako n'kudzayamba rola. Dulani khoma limodzi, mulipake ndi rola nthawi yomweyo m'mphepetemo musanaume, apo ayi chipinda chidzaoneka ngati chili ndi felemu.

Rola muiviike m'thireyi, muigudubuze kuti penti afalikire, isachite kudontha. Pakhoma lembani ngati W wamkulu, mudzaze mipata yake, kenako mutsitse rola mopepuka kuchokera m'mwamba kupita pansi. Gawo lotsatira lilowerere pang'ono m'gawo limene likadali lonyowa. Musaime pakati pa khoma kukayankha foni kapena kukadya, kaimireni pangodya. Musafinye rola pakhoma pofuna kutulutsa dontho lomaliza, imasiya mizere. Mangirirani rola ku mtengo wa tsache kuti muzifika m'mwamba osakwerakwera pa mpando.

Koti yoyamba imaoneka yamawangamawanga. Musadandaule, ndipo musabwererepo ndi burashi pamene payamba kuuma. Dikirani maola amene alembedwa pachigoba, kawirikawiri awiri mpaka anayi kwa PVA. Kutentha kwa kuno kumaumitsa pamwamba m'kati mukadali mwamuwisi, ndiye kugwira ndi chala sikokwanira. Gulosi amafuna tsiku lathunthu pakati pa makoti, ndipo mupake mopyapyala, chifukwa wochindikala amayenderera n'kuuma ndi makwinya. Musapake gulosi madzulo kenako n'kuyatsa babu mawindo ali otsegula. Tizilombo ta kunyanja tidzabwera tonse, ndipo m'mawa mudzatipeza titamatirira pachitseko.

Fungo la penti wa mafuta ndi tapentaini limapweteketsa mutu ndipo limayaka. Mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Musagone m'chipindamo, makamaka ana ndi odwala mphumu, mpaka fungo litatha.

9. Zotsala

Ngati munamata tepi m'mphepete, ichotseni penti asanaumiretu kuti isasupule. Burashi ndi rola za PVA tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, za gulosi ndi tapentaini kenako sopo. Madzi otsukirawo musakatayire mu Shire kapena kunyanja, kumene anthu amatunga ndi kusodza. Asiyeni m'ndowa adikhe, otsalira pansiwo aume, muwataye ngati zinyalala. Zigoba za penti anthu amazikonda kutungira madzi. Cha PVA chotsukidwa bwino chingathandize kuchapira ndi kukolopera, koma madzi akumwa ndi ufa musasungiremo.

Penti wa madzi amauma tsiku lomwelo koma amatenga masabata angapo kuti akhwime, choncho musafulumire kupukuta khoma ndi nsanza yonyowa. Pobwezera katundu, wadiropu ndi sofa zisagunde khoma, siyani mpata wolowa dzanja kuti mpweya uzidutsa. Penti wotsala mumutseke bwino, mumusunge pamthunzi, ndipo pachivindikiro mulembe dzina la mtundu, chipinda chimene munapaka ndi mwezi wake. Mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu, zungulirani nyumba muone kumene madzi a padenga akugwera ndi kumene akuima, kenako mulowe m'kati mukagwire m'munsi mwa makoma amene munakonza aja.